Dzala la Pamalire

"Mwiniwake amati ili ndi bere. Bere lake ndi limeneli, bwerani mudzaone."

Ananena zimenezi ndi mnyamata wowotcha kanyenya, atanyamula ndi manja awiri chinthu chakuda bii, chokulungana, chimene anali atangochitulutsa m'chifu cha mbuzi. Anachiponya pansi n'kuyamba kuchitokosa ndi mpeni. Munali majumbo okhaokha, akuda ndi abuluu, chingwe cha thumba la feteleza ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu. Mbuziyo anaigula motchipa m'mawa womwewo kwa bambo wina wa m'mudzi wa kuseri kwa msika, amene ankadabwa kuti chiweto chake chikuonda mpaka nthiti kuwerengeka pamene mimba ikungokulirakulira.

Ine ndinali pabenchi la wosoka nsapato, phazi limodzi lili pakatoni, kudikira kuti nsapato yanga imatidwe. Pamalo otere munthu sufunsa kanthu, nkhani zimakupeza zokha. Msika wake ndi umodzi mwa ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe, wodzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi ku Luchenza polowera ku Mulanje. Kumaso kwake kuli phula ndi maminibasi. Kuseri nthaka imatsetsereka kulowera kukhwawa, ndipo tsidya la khwawalo ndi kumene tiyi amayambira, wobiriwira, wodulidwa mofanana mpaka kumapiri, mizere ya bulugama itaima m'malire. Pakati pa msika ndi tiyiyo pali dzala. Dzenje lake linadzaza kalekale, ndipo chimene chilipo tsopano ndi mulu wotalika kuposa denga la chimbudzi cha msika. Umafuka utsi usana ndi usiku, koma palibe amene amavomera kuti anauyatsa.

"Imadya kumeneko," anatero mayi wogulitsa kabichi, akuloza ndi mlomo. "Mbuzi zonse za kuno zimadya kumeneko. Ndiye inu muzitiwotchera, ife tizidya."

"Amayi, nyama ilibe vuto. Vuto lili m'chifu basi."

"Nanga zam'katizo mumataya? Si zomwezo timalimbirana pachiwaya?"

Anthu anaseka, koma nkhani ya mbuzi ndi majumbo si yoseketsa m'dziko muno. Gloria Majiga-Kamoto, amene mu 2021 analandira mphoto ya Goldman chifukwa cholimbana ndi mapulasitiki opyapyala, anaiyamba nkhondoyo ataona mbuzi za alimi amene ankagwira nawo ntchito zikufa mwanjira imeneyi. Boma linaletsa mapulasitiki osafika ma micron 60 mu 2015, makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti, ndipo mu July 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Pambuyo pake nkhaniyo inabwereranso kukhoti kangapo. Koma lamulo, ngakhale litagwira ntchito bwinobwino, limaletsa jumbo la mawa. Jumbo limene munthu anagulira tomato mu 2012 lidakali mumulu uja, ndipo mbuzi ikafukula idzalipeza lili lonse.

Pambali panga panakhala mkulu wina wovala jekete ngakhale kunali kutentha kwa October. Anthu ankamutchula kuti akapitawo, ndipo zinkamveka kuti anakalambira pa esiteti ina yapafupi, kuyang'anira othyola tiyi.

"Kale dzala linali chuma," anatero mkuluyo, osayang'ana munthu. "Unkakumba kuseri kwa nyumba n'kumaponyamo phulusa, makoko a nthochi, zitosi za nkhuku, zosesa pabwalo. Likadzaza unkalikwirira n'kubzalapo nthochi, n'kukumba lina pambali. Maungu omera okha padzala ndi amene ankakoma. Nthochi zija zinkadzaza malole kuchokera ku Masambanjati ndi ku Thekerani, matenda a chisaka asanazimalize, mukuganiza kuti zonse zinkadya feteleza?"

"Ndiye kabzaleniponi nthochi apo, madala," anatero wakabaza amene anatsamira njinga yake yamoto pamthunzi.

"Imere pa chiyani? Pa pampasi?"

Mkuluyo sananame. Dzanja likuponyabe kuseri monga linkachitira makedzana, koma zimene likuponya masiku ano nthaka sizidya.

Atapuma pang'ono anayamba kufotokoza za tsidya lija. Kumeneko, anatero, palibe chimene chimatayidwa mwachisawawa. Tiyi akamudulira, nthambi ndi masamba zimasiyidwa m'mizere momwemo kuti ziwolerane ndi kuphimba nthaka. Zigubu za mankhwala zimawerengedwa n'kutsekeredwa m'nyumba yakeyake. Kuseri kwa makomboni ankakumbitsa maenje osiyana, lina la zowola, lina la mapulasitiki ndi mabotolo.

"Tikamva kuti a chule akubwera sabata yamawa, ngakhale kapepala ka switi sunkakapeza mumsewu."

A chule amene ankanenawo ndi oyendera a bungwe la Rainforest Alliance, limene chizindikiro chake cha chule chimadindidwa pamapaketi a tiyi m'masitolo a ku Ulaya. Esiteti imene ikufuna chizindikirocho iyenera kuonetsa, mwa zina, kuti zinyalala zake imazisamala ndiponso kuti sikuipitsa mitsinje.

"Komatu anthu ake ndi omwewo," anatero wakabaza. "Amene amathyola tiyi uko m'mawa ndi amene ndimawanyamula pano tsiku la malipiro, majumbo ali m'manja. Tsidya ilo ndi aukhondo, akawoloka khwawa asanduka auve?"

Funso limeneli silinayankhidwe, ndipo ine ndinaliona kuti ndi limene linali pamutu pa nkhani yonse. Tsidya lija nthaka ili ndi mwini, ndipo mwiniyo ali ndi wogula amene amatumiza munthu kudzaona. Maso a wogulayo amathera pamzere wa bulugama. Kachigawo ka pakati pa msika ndi khwawa, amsika amati n'ka esiteti, alonda a esiteti amati n'ka khonsolo, ndipo zinyalala zimadziwa kusankha malo oterowo.

Nthawi yomweyo anatulukira wosesa mumsika, bambo wochepa thupi wovala majombo ong'ambika, akukankha wilibala yodzaza thoo.

"Achimwene, mukukawonjezeranso?" anakuwa mayi wa kabichi. "Ana athu akutsokomola usiku wonse ndi utsi umenewu."

Bamboyo anatula wilibala pansi n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Achemwali, ndiuzeni kokataya. Mukandiuza ndipita pompano."

Panalibe wonena. Boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 720,000 pa kalembera wa 2018, ndipo gawo lalikulu la nthaka yake yabwino lili pansi pa tiyi, makadamiya ndi bulugama kuyambira nthawi ya atsamunda. Satemwa inayamba mu 1923. Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi maina amene mwana wa kuno amawadziwa asanayambe sukulu. Njala ya malo ndi imene inapatsa otsatira Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation, limene mu 2016 linalowa m'malo a Conforzi likunena kuti nthakayo ibwerere kwa anthu. Kumene munthu amalima chimanga mpaka m'mphepete mwa phula, ndani angapereke ekala kuti pakhale mtaya? Ndipo ndani angalole kuti mtayawo ukhale pafupi ndi khomo lake?

"Nanga tsiku losesa lija?" anafunsa wa kanyenya, akutsuka mpeni.

Ankanena za tsiku limene Lazarus Chakwera, ali Pulezidenti, anakhazikitsa mu November 2020, loti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse anthu azisesa m'madera mwawo.

"Tsiku limenelo ndiye mulu unkakula kwambiri," anayankha wosesa. "Aliyense tsache m'manja, mabwana avala magolovesi, ajambulitsa zithunzi. Akamaliza aunjika pamsewu, akwera galimoto. Otsala ndine ndi wilibala yanga. Ndinkazipititsa kuti? Komweko."

Apa ndi pamene analowererapo mnyamata wina wa chikwama kumsana, amene anali ataima kwa kanthawi kudikira akapitawo kuti apitire limodzi kunyumba. Anali mwana wa mlongo wawo, wophunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata, m'boma lomweli.

"Atsibweni, mulu uwu ukhoza kukonzeka. Si nkhani yovuta kwambiri ayi."

"Ndiye bweretsani thirakitala muuchotse," anatero mayi uja.

"Kuuchotsa n'kuupititsa kuti, amayi? Tibwereranso pa funso la abambowa. Milu yambiri amaikonzera pomwepo pamene ili."

Anayamba ndi moto. Zowola zikapanikizana popanda mpweya, anatero, zimatulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane, womwewo umene anthu ena amaphikira akamanga thanki ya ndowe. Motowo umanyeka mkati mwa mulu. Ukathira madzi pamwamba umangozilala, mawa lake wayambiranso. Chimene chimauzimitsa ndi dothi, chifukwa limautsekera kopumira. Ndipo utsi wa pulasitiki wonyeka pang'onopang'ono chonchi ndi woipa kuposa wa nkhuni, muli poizoni amene amakhazikika m'nthaka ndi m'mafuta a ziweto zodya pamenepo.

Wa kanyenya anayang'ana kumbali.

"Nanga msuzi uja?" anafunsa wosesa.

Aliyense anadziwa chimene ankatanthauza. Mvula ikagwa, pansi pa mulu pamatuluka madzi akuda, onunkha, amene amayenderera kutsikira kukhwawa. Kumunsi kwa khwawalo amayi amachapa, ndipo pali chitsime chimene anthu amatunga mjigo ukawonongeka.

"Madzi saiwala khwawa," anatero akapitawo.

Mphwawo anafotokoza kuti madziwo ndi mvula imene yadutsa m'zinyalala zonse n'kutengako chilichonse chosungunuka. Muli za m'mabatire a tochi, muli mtovu wa m'mabatire a sola amene anthu amaswa n'kutaya, muli mankhwala otsalira m'mabotolo, ndiponso muli zonse za m'mapampasi. Mayi wa kabichi anagwira pakamwa. Kolera imene inayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake yaikulu ndi chimbudzi cha munthu kulowa m'madzi akumwa. Sikuti dzala lililonse limabala kolera. Koma thewera la mwana wotsekula m'mimba likakhala pamwamba pa chitunda, chitsime chili kumunsi, mvula ya December imamaliza yokha ntchito yotsalayo.

Ndiye mnyamatayo anayamba kuyala ntchito yake, akujambula pansi ndi kamtengo. Choyamba anthu asiye kutayapo, apo ayi zonse n'zachabe. Kenako otola atolemo zimene zingagulitsidwe, zitsulo ndi mabotolo. Mulu uphwasulidwe n'kusalazidwa kuti usakhale chiphompho: pa mamita 3 aliwonse oyenda chopingasa, ukwere mita imodzi yokha, ndipo utsenderedwe. Kumtunda kwake kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi a mumsika ndi a pamsewu kuti asamalowe m'zinyalala. Pamwamba pathiridwe katondo wokhuthala pafupifupi theka la mita, womenyedwa bwino, kenako dothi lachonde pang'ono, n'kubzalapo udzu wa vetiva m'mizere yopingasa.

Akapitawo, amene poyamba ankamvetsera mokayika, anawerama n'kumulanda kamtengoko.

"Mphwanga, ngalande yako wailakwitsa. Ukaiongola chonchi madzi athamanga, akumba chigwembe. Iyende mokhotakhota motsata chitunda, ndipo pothira pake uyalepo miyala. Zimenezi ndi zimene makolo ako akukulipirira fizi? Ife tinkachita zimenezi m'minda ya tiyi iwe usanabadwe."

Anthu anaseka, mnyamatayo nayenso anaseka, koma ine ndinaona kuti mkuluyo wagwira pamene pali nkhani. Tiyi wa ku Thyolo amalimidwa pamalo otsetsereka, kumene mvula imagwa yambiri, ndipo nthaka ya m'mindamo yakhala zaka pafupifupi 100 osakokoloka kwambiri chifukwa anthu a kuno amadziwa kuyendetsa madzi pachitunda. Amene anakumba ngalandezo ndi kubzala udzu wotchinga ndi agogo a anthu omwe anaima pamsikawo. Katondo ali paliponse. Thirakitala ndi ngolo yake zimadutsa pamsewu tsiku lililonse zitanyamula masamba a tiyi kupita kufakitale. Chilichonse chimene mnyamatayo anatchula chinali poonekera kuchokera pabenchi limene ndinakhala, kungoti chinali tsidya lina la khwawa.

"Nanga mpweya wako woyakawo, ukauphimba ndi dothi upita kuti?" anafunsa wosoka nsapato, amene mpaka apa anali asanatsegule pakamwa. "Sudzaphulika?"

Mnyamatayo anasangalala ndi funsolo. Anati pamulupo amaimikapo mapaipi oboolaboola, ozunguliridwa ndi miyala, kuti mpweyawo uzituluka pang'onopang'ono, ndipo kumunsi amayala ena otolera madzi akuda aja kuti azigwera m'dziwe lawolawo m'malo mopita kumtsinje. Njirayi inapangidwa mumzinda wa Fukuoka ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Nzeru yake ndi yoti mapaipi omwewo amalowetsanso mpweya wabwino mkati, ndiye zinyalala zimawola msanga, methane amachepa, fungo nalo limachepa. Ndipo kumene kulibe ndalama amagwiritsa ntchito nsungwi, migolo yakale yoboola ndi zibuma za nyumba zogumuka.

"Nsungwi?" anatero akapitawo. "A ku Japan atiphunzitse nsungwi?"

Njira ya Fukuoka inafika m'mizinda ina ya ku Africa kudzera m'maliro. Mu March 2017 mtaya wa Koshe mumzinda wa Addis Ababa unagumuka usiku n'kukwirira nyumba za anthu okhala m'munsi mwake, ndipo anafa anthu oposa 100. Mu February 2018, mvula itagwa yambiri, mtaya wa Hulene ku Maputo unachita chimodzimodzi n'kupha anthu oposa 15. Malo awiri onsewa anakonzedwa pambuyo pake motsatira njira imeneyi, ndi thandizo la dziko la Japan: milu inasalazidwa n'kudulidwa masitepe, mapaipi anaikidwa. Mu August 2024 mtaya wa Kiteezi ku Kampala nawonso unagumuka, anthu oposa 30 n'kufa. Wakabaza atamva za Maputo anagwedeza mutu, chifukwa kuno Mozambique si kutali, ambiri agogo awo anachokera komweko. Ndipo anthu amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023 safunika kuuzidwa chimene chitunda chokhuta madzi chimachita.

Mulu wa pamsikawu ndi waung'ono, sungakwirire mudzi. Chimene ungachite ndi kutsetserekera m'khwawa usiku umodzi, kutseka kalavati, madzi n'kubwerera m'minda ndi m'nyumba za kumunsi. Wakabaza anati anakhalapo ku Kachere, ndipo mtaya wa Mzedi, kumene mzinda wa Blantyre umataya zinyalala zake panjira ya ku Zomba, amaudziwa bwino: utsi wake, ntchentche zake, ndi anthu amene amathamangira lole iliyonse ikafika kuti atole chogulitsa kapena chodya.

"Kumenekonso kunayamba ndi lole imodzi," anatero.

Nkhani ya otolawo inakumbutsa mayi wa kabichi za gogo wina amene amabwera pamulupo m'mamawa kutola mabotolo, n'kukawatsuka kukhwawa, n'kumagulitsa kwa ophika thobwa ndi oyeza mafuta ophikira. "Mukakwirira, iyeyo adya chiyani?" Mnyamata wa ku MUST anati mabotolowo aziikidwa pambali asanafike padzala, gogoyo aziwatenga ali oyera, osaponda magalasi osweka. Yankholo linali labwino, ngakhale ndinaona kuti botolo likakhala loyera ndi losavuta kutola, amalitola ndi amphamvu, osati gogo.

Kenako nkhani inakhota mwa njira imene sindinaiyembekeze.

"Pakakonzedwa, ine ndidzalimapo mpiru," anatero mayi uja. "Nthaka yake ndi yachonde, mwaona bonongwe amene amamera m'mbali mwake?"

"Ayi amayi, chakudya ayi. Masamba amayamwa mtovu uja. Ngakhale bonongwe ameneyo musamathyole."

"Ndiye pakhale siteji yathu ya kabaza. Apolisi amatithamangitsa pamsewu."

"Siteji ya chiyani? Ine ndiye ndili pafupi, ndidzamangapo kanyumba ka njerwa koti anthu azidyeramo kanyenya."

Mnyamatayo anati njerwa ayi, chifukwa pansi pamakhala pakutitimira kwa zaka zambiri pamene zinyalala zikuwola, khoma lingang'ambike, ndipo mpweya uja ukhoza kudzazana m'chipinda chotseka, pafupi ndi mbaula. Akapitawo anati bulugama. Mphwawo anati mizu yake ingaboole katondo uja n'kutsegulira madzi njira. Chimene chingakhalepo ndi udzu, mabenchi, mwina chisakasa chopepuka cha bawo, kapena poimika njinga.

"Mwamva? Poimika njinga!" anatero wakabaza.

Anayamba kukangana zenizeni, mpaka kulozana zala. Malo amene kwa zaka zonsezi analibe mwini anapeza eni ake anayi pa mphindi zochepa, asanathiridwe ngakhale fosholo imodzi ya dothi.

Wosoka nsapato analuma ulusi n'kunena motsitsa mawu: "Inu mukuvutikiranji. Tsiku limene pamere udzu, a esiteti abwera ndi mapu, amfumu abwera ndi mbiri ya makolo, akhonsolo abwera ndi buku la malisiti. Inu mudzangoonerera."

Mwina ananena zoona, koma ine sindikuona choipa pamenepo. Malo olimbirana satayidwapo zinyalala. Dzala lokwiriridwa n'kusiyidwa lopanda ntchito limabwerera msanga, chifukwa phazi linazolowera njira, ndipo munthu mmodzi akangoponyapo jumbo usiku, m'mawa pali khumi. Siteji ya kabaza ingalondere malowo kuposa chikwangwani choopseza chindapusa.

Wosesa uja anali adakaimabe ndi wilibala yake, ntchentche zikuzungulira.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma Lolemba msika udzakhalapo. Lachiwiri udzakhalapo. Mukatseka apo, izi ndizipita nazo kuti?"

Mnyamata wa chikwama anayandikira wilibalayo n'kuyamba kuvundukula ndi kamtengo kaja. Pamwamba panali masamba akunja a kabichi, pansi pake tomato wophwanyika, makoko a nzimbe, zitsononkho za chimanga chowotcha, mikoko ya nthochi, phulusa la mbaula. Majumbo, mabotolo ndi mapampasi awiri zinali zochepa poyerekeza ndi zonsezo. Misika yathu ndi mmene ilili, zambiri zotayidwa ndi zowola. M'boma limene thumba la feteleza lakwera mtengo mpaka alimi ambiri kulilephera, ndipo alangizi akuphunzitsa anthu kupanga manyowa a chimato ndi a Mbeya, tikuwotcha chakudya cha nthaka chifukwa chasakanikirana ndi pulasitiki. Dera la Bvumbwe ndi midzi yozungulira muli alimi ambiri a ng'ombe za mkaka zodyera m'khola, ndi a nkhumba, amene tsiku lililonse amayenda mtunda kusaka msipu.

"Aliyense pabenchi pake akhale ndi matumba awiri," anatero mnyamatayo. "Lina la zowola, lina la zosawola. Zikasakanikirana basi zatha, palibe angazifune. Zosawolazo n'zochepa, zikhoza kudikira m'khola la waya mpaka galimoto ibwere kamodzi pa sabata."

"Galimoto ya ndani?" anafunsa wa kanyenya.

"Matumba awiri, ndiye kuti ine maulendo awiri," anatero wosesa. "Malipiro amodzi omwewo, amenenso amachedwa."

Apa mayi wa kabichi anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa timapepala ta msonkho wa pamsika, topindikapindika. Tsiku lililonse amadula tikiti, anatero, kugule kusagule. Ndalama imeneyo imapita kuti? Funsoli ndi loyenera. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka ntchito yochotsa zinyalala m'manja mwa makhonsolo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linabala bungwe la MEPA, limafuna kuti malo otayira zinyalala akhale ovomerezeka. Makhonsolo nawo amadandaula kuti ndalama za m'misika n'zochepa ndipo ntchito zodikira ndalamazo n'zambiri. Koma wogulitsa akaona kuti gawo la tikiti yake labwerera pamsika pomwepo, lagula wilibala yachiwiri, lalipira ganyu wa wosankha zinyalala, sakangana ndi wodula matikiti monga amachitira lero.

Akapitawo anati dothi ndi thirakitala zikhoza kupemphedwa. Maesiteti amathandiza midzi yoyandikana nawo, amakonza milatho ndi midadada ya sukulu, ndipo khwawalo likaipa madzi ake amadutsanso m'malire mwawo. Chofunika ndi kalata.

"Ndiye lembani, atsibweni. Inu amakudziwani."

"Bwana amene ankandidziwa anapuma. Ulembe iwe wa Chingerezi, komiti ya msika isaine, amfumu adinde."

"Amfumu asanadinde afunsa kuti malowo ndi a ndani," anatero wosoka nsapato, akundipatsa nsapato yanga.

"Muwauze kuti tikupempha dothi, sitikupempha malo."

Ali mkati mokambirana za kalatayo, mnyamata wina wa njinga yakapalasa, amene anamangirira mtolo wa nsenjere kumbuyo, anaima pafupi ndi wilibala n'kufunsa ngati masamba a kabichiwo ali ndi mwini. Anati ng'ombe ya abambo ake ikukamidwa ndipo udzu wauma. Wosesa anayang'ana masambawo, anayang'ana mnyamatayo, nkhope n'kusintha.

"Ali ndi mwini. Siyani kangachepe ka sopo."

"Iii, achimwene!" anakuwa mayi uja, akudzuka pampando. "Masamba amenewo achoka pa kabichi wanga!"

"Achemwali, munataya nokha. Ndawatola pansi ndi fosholo yanga."

"Ndinataya chifukwa sindinkadziwa kuti pali wogula. Iwe mwana, mawa uzibwera kwa ine, ndikusungira m'thumba, oyera, opanda phulusa."

"Mwaona?" anatero wa ku MUST, akutembenukira kwa atsibweni ake. "Thumba loyamba lapezeka."

"Nanga lachiwiri, la mapampasi, alimbirane ndani?" anafunsa wosesa, akusankha masambawo limodzilimodzi n'kumawakutumula. "Mwanawe, tenga awa. Koma ndalama upereke kwa ine, amayiwa ayambe mawa."